Mwana wanga akufuna kukhala dokotala wa khungu ku America: ndalama zichokera kuti?

Mayi wina wa ku Malawi amene amakhala ku Indiana m'dziko la America, komwe amagwira ntchito yosamalira okalamba, walemba kuti: "Mwana wanga wamkazi ali m'chaka chachitatu cha sukulu ya udokotala ndipo mtima wake uli pa matenda apakhungu. Sukulu yake ilibe dipatimenti yophunzitsa madokotala a khungu. Akuti ayenera kukaphunzira mwezi umodzi kapena iwiri m'zipatala za kutali, mwinanso kuima kaye sukulu chaka chathunthu n'kumachita kafukufuku wosalipidwa. Anzake amuuza kuti thandizo limene ophunzira akuda ankalandira linatha. Ine ndi bambo ake tikuganiza zogulitsa puloti imene tinagula ku Lilongwe. Kodi thandizo lilipodi?"

Mayi, puloti ija musaigulitse kaye. Ndikuyamba ndi mawu amenewa chifukwa pa zaka zimene ndakhala ndikulangiza ophunzira udokotala ndaona kuti makolo amathamangira kufunafuna ndalama zambiri asanadziwe kuti ndalamazo zikufunika pa chiyani, mwezi uti, ndiponso ngati palibe wina amene anaziika kale padera kaamba ka ntchito yomweyo. Thandizo lilipo, koma n'lomwazikana, limabwera pang'onopang'ono kuchokera m'matumba osiyanasiyana, ndipo lambiri mwa ilo limafika kudzera mwa dokotala wamkulu amene wavomera kumutsogolera mwanayo.

Choyamba tione pamene vuto lagona. Fizi ya zaka zinayi za sukulu ya udokotala ophunzira ambiri amailipira ndi ngongole, ndipo amene amamaliza ali ndi ngongole nthawi zambiri amakhala atakongola madola pafupifupi 200,000. Akamaliza sukulu amalowa maphunziro a ukatswiri otchedwa residency, omwe kwa dokotala wa khungu amatenga zaka zinayi: chaka chimodzi cha udokotala wamba m'chipatala, kenako zaka zitatu za khungu lokha. Pa zaka zimenezi dokotalayo amalandira malipiro opitirira madola 60,000 pa chaka. Choncho fizi ili ndi njira yake, residency nayonso imadzilipirira yokha. Dzenje lili pakati: kuyambira kumapeto kwa chaka chachitatu kufikira tsiku la mwezi wa March limene bungwe la National Resident Matching Program limalengeza kumene wophunzira aliyense wapeza malo. M'miyezi imeneyi mumatuluka ndalama zimene bajeti ya sukulu siiwerengera mokwanira, ndipo m'pamene mwana wa banja lopeza bwino amamusiya m'mbuyo mwana wa banja ngati lanu, ngakhale onse awiri akhale anzeru mofanana.

Mpikisano wake ndi waukulu. Malo atsopano ophunzirira za khungu m'dziko lonse la America amangopitirira pang'ono 500 pa chaka, ndipo pakati pa ophunzira a m'masukulu a udokotala a dzikolo amene amasankha khungu, pafupifupi atatu mwa khumi alionse sapeza malo. Kale mayeso oyamba opezera chilolezo cha udokotala otchedwa USMLE Step 1 ankakhala ndi malikisi, moti mwana wochokera ku sukulu yosatchuka akakhoza kwambiri aliyense ankamuona. Kuyambira mu January 2022 mayesowa amangonena kuti wakhoza kapena walephera. Osankha anthu anayamba kuyang'ana kwambiri malikisi a gawo lachiwiri la mayesowa, Step 2, kuchuluka kwa kafukufuku amene mwana wachita, ndi makalata omuchitira umboni. M'zaka zaposachedwapa amene amapeza malo amakhala atalemba kapena kuonetsa pamisonkhano ntchito za kafukufuku zopitirira 20 tikatengera onse pamodzi. Madokotala ophunzitsa za khungu ndi ochepa ndipo amadziwana, choncho kalata yochokera kwa mmodzi wa iwo imalemera kwambiri. Mwana wanu, poti sukulu yake ilibe dipatimentiyi, alibe womulembera kalata yotereyi pakhomo, n'chifukwa chake akukamba zopita kwina.

Mwezi wokaphunzira ku chipatala china umatchedwa away rotation, ndipo amaufunsira kudzera m'dongosolo la VSLO la bungwe la masukulu a udokotala, Association of American Medical Colleges, lomwe mwachidule amati AAMC. Ndi masabata anayi okha, koma taonani mmene ndalama zimathera. Lendi ya kunyumba kumene amakhala iyenera kulipidwabe pamene akulipiranso chipinda china mumzinda wachilendo, ndipo chipinda cha mwezi umodzi chimadula kuposa cha chaka. Pali tikiti ya ndege kapena mafuta a galimoto, pali malo oimikapo galimoto pachipatala amene amalipiritsa tsiku ndi tsiku, pali ndalama yofunsira malo pa chipatala chilichonse ngakhale chimene sichidzamutenga. Zipatala zina zimafuna kuti ayezetsenso magazi, aonetse umboni wa katemera, afufuzidwe ngati anapalamulapo mlandu, ndipo zina zimafuna inshuwalansi yapamwamba kuposa imene sukulu yake imapereka. Pamwamba pa izi ayenera kuoneka bwino tsiku lililonse, pakuti mwezi wonsewo kwenikweni ndi intavyu yaitali. Zonse pamodzi zimafika madola masauzande angapo pa mwezi umodzi, ndipo ambiri amapita miyezi iwiri.

Thandizo la ophunzira ochokera m'magulu amene ali ndi madokotala ochepa linayamba chifukwa cha chiwerengero chimene chinawachititsa manyazi madokotala a khungu eni ake. Anthu akuda ndi pafupifupi 13 pa 100 alionse ku America, koma kafukufuku wofalitsidwa mu 2016 anaonetsa kuti madokotala a khungu akuda anali pafupifupi 3 pa 100 okha, ndipo ochokera m'mabanja olankhula Chisipanishi anali pafupifupi 4 pa 100. Mwa nthambi zonse za udokotala, ya opaleshoni ya mafupa yokha ndi imene inkaposa ya khungu pa kusowa kwa anthu a mitundu imeneyi. Inu amene mumasambitsa okalamba mukudziwa kufunika kwake kuposa ambiri. Mabuku akamati chikanga chimafiira, akunena khungu loyera; pa khungu lathu chimaoneka chotuwa, chofiirira kwambiri kapena chakuda kuposa malo ozungulira, ndipo dokotala amene anazolowera kufunafuna kufiira akhoza kunena kuti vutolo n'laling'ono pamene mwana akukanda usiku wonse. Khansa yapakhungu yotchedwa melanoma kwa anthu akuda imakonda kutuluka kuphazi, m'chikhatho kapena pansi pa chikhadabo, malo amene dzuwa silifikako kwenikweni ndiponso amene ambiri sayang'anako, motero imapezeka mochedwa ndipo odwala akuda amafa nayo kwambiri kuposa azungu. Ndi khansa ya mtundu womwewu imene inayambira pachala chakuphazi cha woimba wa ku Jamaica Bob Marley n'kumupha mu 1981. Onjezaniponso zipsera zotupa, kuthothoka kwa tsitsi kochokera pa kumanga molimbitsa ndi mankhwala owongolera, ndi ziphuphu za pambuyo pometa ndevu, muona chifukwa chake Dr Susan Taylor anayambitsa bungwe la Skin of Color Society mu 2004. Dokotala yemweyu anakhala pulezidenti wa American Academy of Dermatology, bungwe lalikulu la madokotala a khungu ku America, mu 2025.

Tsono zimene anzake a mwana wanu amuuza zili ndi choonadi mbali ina. Pa 29 June 2023 khoti lalikulu la America, pa milandu yokhudza mayunivesite a Harvard ndi North Carolina, linagamula kuti masukulu asamaganizire mtundu wa munthu posankha ophunzira. Chigamulocho chinali chokhudza kulowa sukulu, koma maloya a mayunivesite ndi zipatala anaona kuti thandizo lililonse lolembedwa kuti n'la anthu a mtundu wakutiwakuti likhoza kuwatengera ku khoti, ndipo panali mabungwe amene anayambadi kudandaula ndi kusumira mapulogalamu otere. Ngakhale mkati mwa American Academy of Dermatology, mu March 2024 panabwera ganizo loti ntchito zimenezi zithetsedwe, ngakhale kuti ganizolo linakanidwa pamsonkhano wa ku San Diego. Chiyambireni 2025 boma lakhwimitsanso zinthu pa mapulogalamu oterewa. Ena anatsekedwadi. Ambiri anangosintha mayina ndi mawu ofotokoza oyenera kufunsira. Pamene kale ankatchula mitundu ya anthu, lero amalemba kuti akufuna wophunzira wochokera m'banja la ndalama zochepa, kapena woyamba m'banja mwake kufika ku koleji kapena ku sukulu ya udokotala, kapena amene waonetsa kuti amatumikira madera osowa madokotala, kapena amene sukulu yake ilibe dipatimenti ya khungu. Mfundo yomalizayi ikumukhudza mwana wanu mwachindunji, ndipo n'kutheka kuti zinazonso zikumukhudza. Chimene sayenera kuchita ndi kufufuza pa intaneti ndi dzina lakale la pulogalamu, n'kupeza tsamba litachotsedwa, n'kuganiza kuti zatha. Alembere kalata mlembi wa dipatimenti imene akufuna kupitako, afunse mwachindunji ngati ali ndi ndalama zothandizira ophunzira obwera kudzaphunzira kwa mwezi umodzi. Ndiponso khoti lomwe lija linanena kuti wophunzira ali ndi ufulu wofotokoza m'kalata yake mmene mtundu wake ndi kumene anachokera zakhudzira moyo wake, choncho asaope kulemba zimene anaona pa khungu la abale ake.

Khomo loyamba kugogoda ndi la ofesi yoona za ngongole ndi thandizo la ophunzira pa sukulu yake yomweyo. Ophunzira ambiri amapitako pokasaina mapepala a ngongole basi, osadziwa kuti ofesiyi ili ndi mphamvu yokweza bajeti ya chaka ya wophunzira ngati aonetsa malisiti a ndalama zimene wagwiritsa ntchito pa maphunziro ofunikira, ndiponso kuti masukulu ambiri ali ndi kathumba ka ndalama zoyendera kumisonkhano kapena zothandizira pa mavuto adzidzidzi. Sukulu yopanda dipatimenti ya khungu imadziwa kuti ana ake sangachitire mwina koma kupita kwina, ndipo mkulu woona za ophunzira akamufikira msanga amakhala ndi pothandizira. Khomo lachiwiri ndi la zipatala zolandira alendo zija. Madipatimenti ambiri a khungu amapereka kwa ophunzira ochepa ndalama zapakati pa madola 1,000 ndi 2,500 za mwezi umenewo, ena amawonjezerapo malo ogona. Sizikwanira zonse, koma phindu lake lalikulu n'lakuti wolandira ndalamazi amapatsidwa dokotala womuyang'anira ndipo akuluakulu a dipatimenti amamudziwa dzina asanafike.

Kenako pali mabungwe a madokotala. American Academy of Dermatology yakhala kwa zaka zambiri ikulumikiza ophunzira ndi dokotala wa khungu kwa mwezi umodzi n'kuwapatsa alawansi. Skin of Color Society ili ndi dongosolo lopezera ophunzira alangizi ndipo imapereka ndalama zokaonerera ntchito kwa katswiri. Women's Dermatologic Society imathandiza kafukufuku wa nthawi ya tchuthi, ndipo Dermatology Foundation yakhala ikupereka ndalama zoti wophunzira agwire ntchito m'kafukufuku wa mphunzitsi amene bungweli linamuthandizapo. Kunja kwa za khungu kuli National Medical Fellowships, limene lakhala likuthandiza ophunzira udokotala kuyambira mu 1946, ndi Student National Medical Association, bungwe la ophunzira lomwe pamisonkhano yake pamabwera oimira ma residency kudzakumana ndi ana. Mukawerenga malamulo a ambiri mwa mathandizo amenewa mudzaona chinthu chimodzi chikubwerezedwa: pafunika dzina la dokotala amene wavomera kugwira ntchito ndi wophunzirayo, nthawi zina dokotalayo ndi amene amafunsira ndalamazo. N'chifukwa chake ndimauza ophunzira kuti kufunafuna mlangizi kuyambe ndalama zisanafunidwe. Mwana wanu ayambe ndi dokotala wa khungu aliyense amene amaona odwala a chipatala cha sukulu yake, ngakhale wa kiliniki yakeyake mumzindamo, amupemphe kumakaonerera Loweruka kapena masana amodzi pa sabata, ndipo akaona matenda achilendo apemphe kuti alembe nkhani yake pamodzi. Dokotala ameneyo anaphunzira kwina, ali ndi aphunzitsi ake, ndipo foni imodzi yochokera kwa iye imatsegula zimene makalata makumi awiri sangatsegule.

Nkhani ya chaka cha kafukufuku ndi imene ikundidetsa nkhawa kwambiri m'kalata yanu, chifukwa ndi imene ingadye puloti yonse. Chaka chimenechi si lamulo, ndipo alipo ambiri amene amapeza malo osachichita. Kwa mwana wochokera ku sukulu yopanda dipatimenti chimathandizadi, pakuti chimamupatsa dipatimenti yomudziwa imene analibe, koma pali kusiyana kwakukulu pakati pa chaka cholipidwa ndi chosalipidwa. Ndinalakwitsapo ndekha pa nkhaniyi. Wophunzira wina anandionetsa kalata yomuitana ku dipatimenti ina yotchuka kukagwira ntchito chaka chathunthu popanda malipiro, ndipo ine, poona dzina la malowo, ndinamulimbikitsa kuti apite osamufunsa kuti sukulu yake imulemba ngati ndani pa chaka chimenecho. Anamulemba ngati woima kaye sukulu. Zotsatira zake, sakanatha kukongola ndalama zodyera, inshuwalansi ya zaumoyo ya ophunzira inamuthera, ndipo patatha miyezi isanu ndi umodzi ngongole zake za boma zinayamba kufuna kubwezedwa. Ankagwira ntchito yophunzitsa ana usiku kuti alipire lendi, ndipo pa malo amenewo anali mmodzi mwa ophunzira ambiri ofunitsitsa kalata ya munthu mmodzi. Kuyambira pamenepo ndimafunsa mafunso atatu ndisananene kanthu: kodi amalipira, kodi sukulu imusunga ngati wophunzira, ndiponso kodi amene anachita chaka chimenechi pamalopo zaka zitatu zapitazi anapeza malo kuti. Dipatimenti yoona imayankha funso lachitatuli mosavuta.

Zaka zolipidwa zilipo. Medical Research Scholars Program ya National Institutes of Health, bungwe la boma la kafukufuku wa zaumoyo, ku Bethesda, m'boma la Maryland, imatenga ophunzira udokotala kwa chaka ndi kuwapatsa alawansi. Madipatimenti ena a khungu amalemba ophunzira ntchito yoyendetsa kafukufuku wa mankhwala atsopano ndipo amawalipira. Palinso mapulogalamu a chaka chimodzi a zaumoyo wa maiko osiyanasiyana amene akhala akulipiridwa ndi Fogarty International Center, nthambi ya bungwe lomweli, ndipo apa kukhala mwana wa ku Malawi kumasanduka mwayi weniweni. Yunivesite ya North Carolina yakhala ikugwira ntchito ndi chipatala cha Kamuzu Central ku Lilongwe kwa zaka zoposa 30, ndipo mwa zimene amafufuza muli khansa ya Kaposi sarcoma, yomwe imaonekera pakhungu ndipo ndi imodzi mwa khansa zofala kwambiri kwathu. Khansa yapakhungu ya anthu achialubino ndi nkhani inanso imene madokotala a khungu padziko lonse amaifuna. Wophunzira amene angathe kucheza ndi wodwala m'Chichewa popanda womasulira ali ndi chinthu chimene opikisana naye ambiri alibe.

Pali misampha iwiri imene ndiyenera kukuchenjezani chifukwa imaoneka yokoma kwa banja lopanikizika. Sikolashipu ya boma ya National Health Service Corps imalipira fizi yonse, koma woilandira amalonjeza kuphunzira udokotala wothandiza anthu pa matenda wamba, monga wa mabanja, wa ana kapena wa amayi, ndipo khungu mulibemo. Kuphwanya lonjezolo kumabweretsa chindapusa chachikulu. Sikolashipu ya asilikali nayonso imalipira zonse, koma kuchuluka kwa malo a khungu kumatengera zosowa za asilikaliwo. Dziwaninso kuti lamulo limene linasainidwa mu July 2025 linathetsa ngongole ya boma yotchedwa Grad PLUS kwa okongola atsopano kuyambira pa 1 July 2026, ndipo linaika malire a madola 50,000 pa chaka ndi 200,000 yonse pamodzi kwa ophunzira udokotala. Amene anali atakongola kale pa maphunziro omwe akuchitawo anapatsidwa nthawi yopitiriza ndi malamulo akale, choncho mwana wanu asanasaine zoima kaye sukulu afunse ofesi ya ngongole, ndipo amuyankhe polemba, ngati kuimako kungamuchotse m'gulu limeneli. Zonsezi zikuyenda ngati iye ndi nzika ya America kapena ali ndi green card, pakuti ngongole za boma ndi mapulogalamu ambiri a National Institutes of Health amafuna chimodzi mwa ziwirizi. Wophunzira amene ali m'dzikomo pa visa ya sukulu amadalira kwambiri thandizo la sukulu yake ndi la mabungwe a madokotala, ndipo ayenera kuwerenga mzere wa unzika asanataye nthawi kulemba kalata.

Pofika pofunsira residency penipeni, m'mwezi wa September wa chaka chachinayi, ndalama zikhoza kuchepetsedwa ndi nzeru. Amafunsira kudzera m'dongosolo la ERAS, lomwe limalipiritsa pa dipatimenti iliyonse ndipo mtengo umakwera akapitirira chiwerengero china, komanso ayenera kufunsira padera chaka choyamba chija cha udokotala wamba. Kale ophunzira ankatumiza pafupifupi kulikonse chifukwa cha mantha. M'zaka zaposachedwapa madipatimenti a khungu anagwirizana kuti wofunsira aliyense akhale ndi zizindikiro 28 zosonyeza kumene akufunitsitsa, zitatu zagolide ndi 25 zasiliva, ndipo ma intavyu ambiri amachokera kumene munthu anatumiza chizindikiro. Kulipirira malo ena 80 pamwamba pa amenewa n'kutaya ndalama. Ngati mwana wanu analandira thandizo la Fee Assistance Program la AAMC pamene ankalowa sukulu ya udokotala, aone ngati kuchotserako mtengo kwa ERAS kukumukhudza. Ma intavyu ambiri chiyambireni 2020 amachitika pa intaneti, zimene zachepetsa kwambiri ndalama za ndege ndi mahotela, ngakhale madipatimenti ena abwerera ku zokumana maso ndi maso.

Inu ndi bambo ake mukhale naye pansi mwezi uno alembe papepala miyezi yonse kufikira March wa chaka chimene adzapikisane, ndipo pa mwezi uliwonse alembe ndalama zofunika ndi tsiku lotsekera kufunsira thandizo lililonse. Masiku ambiri otsekera amagwa pakati pa January ndi April wa chaka chachitatu, nthawi imene iye amakhala atatanganidwa m'mawodi kuyambira mbandakucha, ndipo ndaona ana ambiri akuphonya ndalama chifukwa cha kutopa basi. Mukatero mudzapeza kuti popanda chaka chosalipidwa chija, chimene chatsala kwa banja ndi madola masauzande ochepa ogawika pa miyezi ingapo, makamaka dipoziti ya chipinda ndi tikiti, pakuti ndalama zambiri za thandizo zimabwera munthu atalipira kale n'kupereka malisiti. Pamenepo chipereganyu cha kuntchito kwanu kapena cha amayi a kutchalitchi chikhoza kukwanira, mutapempha kuti ulendo wanu wolandira ugwe mu May kapena June, asanayambe kupita m'zipatala zija. Ndipo musanalipire chipinda, funsani Amalawi a mumzinda umene akupitawo, chifukwa lendi ya mwezi umodzi ndi imene imadya gawo lalikulu la bajeti yonseyo.